Dzanja la Bambo pa Viza

Viza inatuluka, koma inatuluka ndi chilema. Mzime anachiona ali m'basi pochokera ku ofesi ya kazembe, pasipoti ili pamiyendo. Dzina linali lake, chithunzi chake, yunivesite yomwe inamuitanayo inalembedwanso bwino. Koma pa chaka chobadwa, pamene panayenera kukhala 8 iwo anadinda 3. Anamukalambitsa mwana wa eni ake osamufunsa n'komwe.

Kunyumba mlongo wake anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndiye kuyambira lero tizikupatsani moni ndi manja awiri, agogo!"

Mzime sanaseke. A ku yunivesite anali atachenjeza kale kuti viza ikasemphana ndi pasipoti, munthu amabwezedwa pabwalo la ndege, ndipo akachedwa kufika malo ake amapatsidwa kwa wina. Anaimba foni ku ofesi ija. Mawu ozizira anamuuza kuti atumize chithunzi cha tsambalo, kenako adikire. Kudikira mpaka liti, sananene.

Bambo ake anali olemba zikwangwani. Kashedi kawo kuseri kwa nyumba kanali kodzaza zitini za penti, zidutswa za malata ndi maburashi oviikidwa m'botolo. Makina osindikiza anawalanda ntchito yambiri, koma matama a dzanja lawo sanawalande. Mkuluyu ukayenda naye mumsewu umatopa, chifukwa chikwangwani chilichonse chopindika chilembo ankachiimirira n'kuchinyoza ngati chamulakwira.

"Tabweretsa ndione, mayi," anatero kwa mwana wawo wamkaziyo.

Anavala magalasi, n'kupendeketsa tsambalo cha kuzenera. Analiyang'ana nthawi yaitali, yaitali kuposa mmene munthu amayang'anira chinthu chongomumvetsa chisoni.

"Kanthu kakang'ono chonchi n'kumene kakukusowetsa tulo? Uyutu ndi 8 amene sanammalize basi."

"Bambo, ichi si chikwangwani cha butchala," anatero Mzime, n'kuwalanda. Anakaibisa pasipotiyo mudirowa, pansi pa zovala.

Masiku anapita, ofesi ili zii. Tsiku lotsegulira sukulu linkayandikira, sutikesi ili yasaa pakona. Mzime ankadzuka ndi foni m'manja, chakudya chikumukanika. Poyamba bambo ankafunsa m'mawa uliwonse ngati ayankha. Kenako anasiya kufunsa, n'kuyamba kuimba likhweru. Tsiku lina Mzime anawapeza akudula burashi ndi lezala mpaka patsala timaubweya towerengeka. Tsiku linanso anapeza tizidutswa ta pepala pansi pa tebulo lawo, todzaza timanambala tating'ono ngati nyerere. Anaona, inde anaona, koma mtima unali ku foni. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Foni inalira masana ena Mzime akuchapa. Anali mawu ozizira aja, koma lero ofewako. Anavomera kuti kulakwitsa kunali kwawo, napepesa. Abwere ndi pasipoti m'mawa mwake, adzamata viza yatsopano pompopompo.

Mzime anakuwa ndi chimwemwe, thovu lili m'manja, n'kuthamangira kuchipinda. Anakoka dirowa. Pasipoti inali pamwamba pa zovala.

Anatsegula tsamba lija. Panalibe 3. Panali 8 wonenepa bwino, wakuda mofanana ndi anzake, woti ngakhale amene anadindayo akanalumbira kuti ndi wake. Ataiyandikitsa kumphuno anamva kafungo ka kushedi.

"Wapeza?" Bambo anali pakhomo, akupukuta zala ndi kansanza, nkhope ikuwala ngati mwana amene wakhoza mayeso. "Ndimafuna udzaone tsiku lonyamuka. Anthu aja akanakudyera sukulu uli chikhalire."

"Mayo ine, bambo, mwandipha! Aimba. Akuifuna mawa kuti akonze okha."

Kansanza kanaima m'manja mwawo. Anayesa kuseka, koma kuseka kunakana.

"Ndiye bweretsa ndibwezeretse 3 wawoyo."

"Musaikhudzenso!"

Anali asanawakalipirepo chibadwire. Mkuluyo anabwerera kushedi mwakachetechete, ndipo likhweru silinamvekenso.

M'mawa bambo anaumirira kumuperekeza, atavala jekete ya kumaukwati. Njira yonse ankangoti, "Sangaone, mayi. Ine ndi magalasi angawa sindikuona." Pageti mlonda anatenga foni ya Mzime, n'kuuza bambo kuti olowa ndi oitanidwa okha. Anatsala panja, chipewa chili m'manja.

Mkati munali mozizira ngati mufiriji. Mipando inali yokhomerera pansi, anthu ali duu, aliyense atafumbata envulopu yake. Ataitanidwa, Mzime analowetsa pasipoti pansi pa galasi kwa mayi wina wa imvi zochepa, wosamwetulira. Mayiyo anayang'ana viza, anayang'ana kompyuta, n'kuyang'ananso viza.

"Munati chalakwika n'chiyani?"

"Chaka chobadwa."

"Apatu pali bwinobwino."

Mzime anaona ngati pali kampata. Mwina zitha chonchi, mwina amubwezera n'kumuuza kuti azipita. Koma mayiyo anakoka kanyali kena pambali pake n'kukayatsa. Tsamba lonse linawala mobiriwira, kupatula theka la 8 uja, lomwe linada bii ngati ntchentche mumkaka.

Mayiyo sanakweze mawu. Anaika pasipoti m'kathumba ka pulasitiki, n'kudina kabatani pansi pa tebulo. Mlonda wina anabwera n'kuima kumbuyo kwa Mzime, pafupi moti ankamva kupuma kwake.

"Tamvani, chemwali. Kusintha viza ndi mlandu, ndipo wochitayo timamupereka kupolisi. Ngati wina wachita inu osadziwa, mutchuleni, nkhani yanu tikhoza kuionanso. Ngati ndinu, za sukuluzo muiwale. Walemba ndani?"

M'maganizo Mzime anaona labotale ya ku yunivesite imene ankailota, anaona sutikesi pakona paja. Anaonanso bambo ake atakhala pansi m'chitolokosi, opanda nsapato ndi lamba.

"Ndine."

Mayiyo anamuyang'ana osaphethira. Kenako analowetsa pepala ndi cholembera pansi pa galasi.

"Tandilemberani 8 apa. Wamng'ono ngati uyu."

Mzime anatenga cholembera. Analemba timizere tiwiri tozungulira, kamodzi kopendekeka, kena kosatsekeka. Anayesanso, zinaipiraipira. Mayiyo sanalitenge n'komwe pepalalo. Maso ake anali atadutsa paphewa la Mzime, kuloza pazenera lalikulu loyang'ana kugeti.

"Nanga bambo a jekete akukuimikirani dzanja panjapo ndi ndani wanu?"