Mpope wa a Sebastiano

Bambo awo aang'ono, a Pedro, atanyamula mpope wopopera thonje n'kuuika patsogolo pa Ignasio, mkulu wake Kaitano anamva kutentha m'mutu mwake mometedwa kumene. Iye, mwana woyamba, anali atapatsidwa jekete ndi satifiketi ya uchikumbe yodyedwa ndi chiswe m'mbali.

Panali patatha masiku asanu chiikireni bambo awo, a Sebastiano, m'manda ku Makhanga. Dokotala anati inali khansa ya m'mapapo, ndipo anafunsa kawiri ngati ankasuta. Fodya sanamulawepo. Koma kwa zaka khumi ndi zisanu ankatakasa mankhwala a thonje ndi mkono, ndipo kamphuno ka mpope kakatsekeka ankakauzira ndi pakamwa. Kaitano anaphunzira kuopsa kwake ku koleji ya zaulimi, asanalephere chaka chachiwiri n'kubwerera kumudzi ndi sutikesi yokha.

Ankadziwa zonsezo, komabe mpopewo ankaufuna. Malamba ake anali atada ndi thukuta la bambo. Zaka zimene iye ankaloweza mayina a mbozi m'Chingerezi, mng'ono wakeyu ndiye ankalawirira nawo kumunda, kutunga madzi, kudya nawo mbatata pansi pa mgwalangwa. Ngakhale beseni lolavuliramo magazi analigwira ndi Ignasio.

"Wamkulu pano ndani?" Kaitano anafunsa, maso ali pansi.

A Pedro anayankha mofatsa kuti malemu sanasiye mawu pa za mpope, ndipo chida chimatsata dzanja limene limachidziwa. Anatinso thonje layamba maluwa, silingadikire munthu wophunzira kumene.

"Achimwene, inu si munati muli poizoni umu?" anatero Ignasio. "Lero wakoma?"

"Iwe unadya nawo zonse. Ichi chokha ndisiyire."

"Ndinadya nawo dzuwa. Inu munkadya buledi kukoleji."

Kaitano anagwira lamba mmodzi, Ignasio wina. A Pedro anawadzudzula kuti maliro sanazizire, ndipo analamula kuti chidacho chiyambe chatsukidwa, monga amachitira ndi katundu yense wa womwalira, kenako akambirane ngati anthu.

Ignasio anabweretsa ndowa. Kaitano, posafuna kuti ngakhale ichi chimupitirire, anailanda n'kuthira yekha. Madzi sanakhalitse. Anatulukira pansi pa thanki m'timizere tambiri, n'kunyowetsa mapazi a onse awiri. Atautembenuza anaona mabowo oboola bwinobwino, otalikirana mofanana ngati mapando a thonje.

Onse anayang'ana kwa amayi awo, a Rute, amene anakhala pamphasa kuyambira m'mawa. Iwo anati sabata yomaliza, anyamata atapita kukafuna ngolo yopitira kuchipatala, bambo anawapempha msomali ndi mwala. Bambowo anakwawa mpaka kunkhokwe kumene kunali mpope. Ankaboola bowo limodzi, n'kupuma, n'kutsokomola, n'kuboolanso. Ntchitoyo inawatengera tsiku lonse, ndipo anakana kuthandizidwa.

"Sananene kuti ndi wa ndani?" Kaitano anafunsa.

"Anati mukakangana ndingokusiyani, muuthire madzi."

Ignasio anasiya lamba wake. Kaitano anakhala pansi m'matopemo, mpope uli pamiyendo, n'kuyamba kuyendetsa chala pa bowo lililonse. Cha kumapeto kwa mzere mabowo ankacheperachepera, ndipo lomaliza linali chabe kachizindikiro pamene msomali unalephera kulowa.