Zithunzi Ziwiri za Mtima wa Amayi

Amayi sanadandaulepo za pachifuwa. Ankangoti nsagwada zikuwawa, ndipo akamakwera masitepe a kusukulu komwe ankaphunzitsa, ankaima pakati n'kumanamizira kufufuza kanthu m'chikwama. Ine mwana wawo wamkazi, woyamba kubadwa, ndinkawaseka kuti ukalamba wafika. Dokotala wa mano ndiye anati, "Manowa alibe mlandu, mayi. Pitani akakuoneni mtima."

Ndinawaperekeza Lachitatu m'mawa. M'chipinda choyezera munali makina oyendapo, aja lamba wake amayenda yekha. Namwino anawamata timawaya pachifuwa n'kuwakweza pamakinapo.

"Ndiye ndizingoyenda osafika kulikonse?" anafunsa amayi. "Bwanji ngati msonkhano wa aphunzitsi!"

Namwino anaseka mpaka kugwira khoma. Koma pa mphindi yachinayi nthabwala zinatha. Thukuta linali kamukamu, mpweya ukuperewera. Anawabaya mankhwala oonetsa mmene magazi akuyendera, kenako anawagoneka pansi pa kamera yaikulu. Atapuma, anawajambulanso.

Masana dokotala wa mtima, mayi wolankhula mofatsa, anatiikira zithunzi ziwiri patebulo. Pa china mtima unkaoneka ngati mphete yowala, yathunthu. Pa chinzake mpheteyo inali yoduka m'munsi.

"Ichi mutapuma, ichi mutayenda," anatero. "Podukapa magazi sakufika bwino, mtsempha wachepa. Azimayi ambiri matendawa sawapweteka pachifuwa, n'chifukwa chake timawatulukira mochedwa. Sindikubisirani, chithunzi chotere chimandiuza kuti tikazengereza mtima ukhoza kuima. Sabata yamawa mudzagone kuno, titsegule mtsemphawo."

"Ana a m'kalasi mwanga alemba mayeso pakatha masabata asanu," anayankha amayi. "Akangoika zolembera pansi, ndibwera ndekha osaitanidwa."

Dokotala anatembenukira kwa ine, kudikira kuti ndimuthandize. Ine ndinakula ndikudziwa kuti mawu a amayi sabwezedwa. Komanso, ndinene zoona, kuntchito kwanga kunali kothina mwezi umenewo, ndipo kudikirako kunandipepukira.

"Mankhwala azimwa, adokotala," ndinatero. "Ndiziwayang'anira ndine."

Tikutuluka pageti amayi anandikoka dzanja. "Mlongo wako usamuuze. Amachita phuma uja, andikokera kuno ana asanalembe mayeso."

Sindinamuuze. Mankhwala ankamwadi, ine ndikuwaimbira foni m'mawa uliwonse, iwo n'kumati, "Iwe, wasanduka namwino liti?" Ndinayamba kukhulupirira kuti dokotala anangotiopseza.

Sabata yachinayi, Lolemba, anagwa m'kalasi akulemba pabolodi. Aphunzitsi anzawo anathamangira nawo kuchipatala, koma ine ndinafika atawafunditsa kale nsalu. Zala zawo zinali zikadali mbuu ndi choko.

Maliro atatha, ine ndi mlongo wanga tinkalongedza mabuku kuchipinda kwawo. Iye anapeza envelopu ya zithunzi zija m'kabati, pansi pa makope a ana. Anawerenga kalata ya dokotala imene inali momwemo ali chiimire, kenako anakhala pabedi.

"Achemwali, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Mwezi wathunthu? Foni imodzi yokha, achemwali. Amayi akanandikalipira, inde, koma bwenzi lero akundikalipirabe."

Ndinafuna kunena kuti amayi anandiletsa okha, koma si zokhazo zimene zinanditseka pakamwa. Iye anapinda kalatayo, anaika envelopu m'chikwama chake n'kutuluka.

Papita zaka zitatu tsopano. Timaimbirana foni, timafunsana za ana ndi za ntchito. Za amayi sitikambirana.