Mlamba wa M'chitsime cha Kudimba

Madzi osefukira atabwerera mumtsinje mu Epulo, anandisiyira mlamba m'chitsime cha kudimba kwanga ku Ndunde. Unali waung'ono, kutalika ngati chikhatho. Chaka chimenecho n'chomwe mayi a kunyumba, a Tikhala, anatisiya, ana onse awiri ali ku Joni. Ndiye musandifunse chifukwa chake sindinauwotche. Pakhomo panali zii, ndipo ndinali wosungulumwa koopsa.

Ndikamathirira mpiru ndinkauponyera madeya ndi chiswe. Kudya kwake, ngati uli pa ganyu! Pofika Novembala unali utalingana ndi mkono wanga, ndevu kuposa zanga. Ndinkauuza zonse, za bondo langa, za nyemba zofesedwa mochedwa, za a Tikhala. Sunkayankha, komabe sunkayang'ana dzuwa n'kunena kuti kwada, ngati alendo ena.

Tsiku lina a Gregorio, a dimba loyandikana ndi langa, anasuzumira m'chitsimemo.

"A Levi, mimba iyo mwaiona? Ndi mazira amenewo. Mvula ikangodzaza dambo, anzake akwera kuchokera kumunsi kudzaswana m'maudzu muno. Uwu sudzakutsanzikani ayi. Idyani lero, achimwene."

Ndinapsa mtima, makamaka chifukwa ankanena zoona. Milamba ndinaionapo ikukwawa pa udzu wonyowa, kulondola kumene kuli inzake. Koma ine ndinali nditaperekeza anthu okwanira. Ndinakatenga lata lakale la pakhola, n'kuvundikira chitsime, miyala inayi pamwamba.

Mvula inayamba Lachiwiri masana, yamkuntho, osakata mpaka kuda. M'mawa mwake dambo lonse linali madzi okhaokha. Mudzi wonse unali komweko ndi zikwanje ndi madengu, milamba ikuphiriphitha m'maudzu, iwiriiwiri, misana pamtunda. Ine sindinaime. Ndinayenda m'madzimo mpaka kudimba, madzi a m'maondo.

Lata linalipo, miyala yonse inayi ili m'malo mwake pansi pa madzi. Ndinaseka ndekha ngati chitsiru. Ndinachotsa miyala ija umodziumodzi, n'kukweza lata.

Mlamba uja unayandama pang'onopang'ono, mimba yoyera ili kumwamba.

A Gregorio anafika ndi dengu lawo, nauyang'ana mlambawo.

"Mwaumiza, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Mlamba umakwera pamwamba kudzapuma mpweya ngati ife tomwe. Madzi atafika palata, ukanapumira pati?"

Ndinaunyamula. Unali wolemera, wozizira, timazira tikutuluka n'kumamatira m'zala. Pafupi pomwepo, mwina mapazi khumi, ina inali ikuswana m'maudzu.

Zoti umapuma ndikanayenera kuzidziwa. Miyezi yonseyi, ndikakhala pamphepete pa chitsime, ndinkauona ukukwera n'kutulutsa kamwa pamwamba pa madzi. Ine n'kumati ukubwera kudzandiona ine.