Dzina la Nthiwatiwa

Ofesi ya Amayi inali kachipinda kuseri kwa sitolo ya matayala. Munali tebulo limodzi, simbi, ndi chingwe chimene ankapachikapo mayunifolomu. Ntchito yawo inali yotumiza atsikana kukaperekera zakudya ndi zakumwa pa maukwati ndi pa misonkhano ya makampani. Atsikanawo ankawatchula kuti Amayi, ndipo dzinalo linamera mizu mpaka eni matayala ankawaitana chomwecho.

Chaka chimenecho foni inayamba kulira mwa apo ndi apo. Mayi wina amene ankawapatsa ntchito kawirikawiri anawauza mosabisa mawu: "Ana anga anakufunani pa intaneti, sanakupezeni, ndiye anatenga ena." Amayi anayesa kudzipangira okha tsamba pa foni, koma zithunzi zinatuluka chogona. Pamenepo anavomera kuti pafunika katswiri.

Katswiriyo anali bambo wa magalasi, wolankhula mosathamanga. Anakhala mmawa wonse akufunsa mafunso: alendo amadandaula chiyani, amayamikira chiyani, amene amaimba foni ndi mkwatibwi kapena mayi ake. Kenako anajambula atsikana mmodzimmodzi ataima pa khoma loyera. Pochoka anali atalandira kale dzina. Atsikana ankamutchula kuti Bambo Webusaiti.

Masiku amenewo Amayi ankawerenga buku limene mwana wawo anasiya popita kukagwira ntchito kutali. Linali lachingerezi, nkhani yopeka ya ageisha a ku Japan, akazi ophunzitsidwa kuvina, kuimba, kuthira tiyi ndi kucheza ndi alendo. Ankawerenga pang'onopang'ono, m'minibasi kapena podikira simbi kuti itenthe. Chinawakoka mtima n'chakuti kutali konseko kunali anthu amene ankaona kuthira tiyi ngati luso loyenera kuliphunzira zaka. M'bukumo munali nyumba ya mayi wina wachikulire, ndipo pamwamba pa chitseko chake panapachikidwa timatabwa, kalikonse kolembedwa dzina la mtsikana wa m'nyumbamo. Alendo ankaitanitsa atsikanawo potchula mayina.

Bambo Webusaiti atabwera kudzaonetsa ntchito yake, atsikana anaunjikana kumbuyo kwa laputopu. Tsamba loyamba linali lokongola, Amayi mpaka anakonza duku. Lachiwiri linali ndi nkhope za atsikana onse pamzere, dzina pansi pa nkhope, ndipo pansi pa dzina kabatani kofiira: Sankhani uyu.

"Ee, taonani Nthiwatiwa! Khosi silinakwane m'chithunzi!" anatero mmodzi.

"Iwe khala chete, chako ukuoneka ngati wagwidwa ndi apolisi," anayankha Nthiwatiwa. Iyeyu anali wamtali kuposa onse, ndipo ndi amene ankaphunzitsa atsopano kunyamula thireyi ndi dzanja limodzi. Ukwati ukakhala wovuta, Amayi ankatumiza iye.

Onse anaseka, koma Amayi ayi. Maso awo anali pa kabatani kofiira, ndipo m'mutu mwawo munali timatabwa ta pachitseko tija.

"Achimwene, kofiiraka ndi ka chiyani?"

Bamboyo anavula magalasi. "Mayi, apa ndalakwitsa ndine. Ndinatengera mmene ndimapangira a masaluni. Kumeneko munthu amasankha womuluka tsitsi. Kuno sikakuyenera, ndikachotsa lero."

"Muchotsenso nkhope ndi mayina."

"Zimenezo ndi zina," anatero modekha. "Webusaiti ndi yanu, ndichita zimene mwanena. Koma munthu akamaitana anthu kudzalowa pa ukwati wa mwana wake amafuna aone maso awo. Tsamba lopanda nkhope anthu amangolidutsa. Taganizani kaye, mundiuze."

Amayi anati aganiza kale. Anakumbukira bambo wina amene, phwando litatha, anatsatira mtsikana wawo mpaka pa siteji ya minibasi. Bambo ujayo analibe dzina la mtsikanayo loti n'kumufunira. Nanga akanakhala nalo?

Ena onse atapita, Nthiwatiwa anatsala akusita. Anasita malaya amodzi nthawi yaitali, kolala yokhayokha.

"Apsatu amenewo," anatero Amayi.

"Amayi, ndifunse kanthu, musakwiye."

"Ukayamba choncho ndiye kuti ndikwiya. Funsa."

"Maukwati onse ndagwirawa, anthu amati mtsikana wamtali uja wa kwa Amayi. Palibe amene amadziwa kuti ndine ndani. Lero ndaona dzina langa lenileni pansi pa nkhope yanga, lolembedwa bwinobwino. Sindinathe n'komwe kuliyang'ana, mwati lichoke."

"Ndikukutetezani. Azibambo a masiku ano sukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa kuposa inu, thireyi ndimanyamula ndine." Anaimika simbi. "Koma mukuopa azibambo okha, kapena mukuopanso a mahotela?"

Nthiwatiwa anapachika malaya aja pa chingwe, anatsazika mwaulemu ngati masiku onse, n'kutuluka.

Amayi sanali munthu wothamangira kuweruza, ngakhale podziweruza okha. Funsolo anayenda nalo masiku angapo. Za bambo wa pa siteji zinali zoona. Koma zinalinso zoona kuti a hotela ina yaikulu anafunsapo kawiri za mtsikana wamtali, ndipo iwo anayankha mozungulira, nkhani n'kuthera pomwepo. Nthiwatiwa akanachoka, maukwati ovuta akanatumizako ndani?

M'minibasi anatsegula buku. Anali atafika pamene mtsikana wina wa m'nyumba ija, dzina lake litamveka m'tauni monse, anafuna kukadziimira payekha. Mayi wachikulire uja anamuuza za zoopsa za kunja, za anthu amene amakonda munthu akali wowala okha. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo mtsikanayo anamvetsera atagwada, osatsutsa ngakhale liwu limodzi. Amayi anawerenga tsambalo kawiri. Kuyambira pachiyambi cha buku iwo ankayenda ndi atsikana, kuwamvera chisoni, kukwiyira mayi wachikulireyo. Tsopano anapeza kuti mawu a mayiyo akuwadziwa asanawawerenge. Anaonanso chimene sanachione poyamba: kathabwa kamene kankachititsa kuti alendo aitanitse mtsikana ndi komwenso kankachititsa kuti mtsikanayo akhale ndi kotulukira. Kondakitala anachita kuwakodola kuti afika.

Mmawa wake anaimbira Bambo Webusaiti.

"Kabatani kaja kasabwerenso. Nambala ikhale ya ofesi yokha. Za nkhope ndi mayina, mubwere muwafunse eni ake, mmodzimmodzi."

"Inu mulipo?"

"Ine ndikakhala kwa a matayala. Ndikakhalapo onse adzayang'ana nkhope yanga asanayankhe."

Anakhaladi pa benchi ya a matayala, buku lili pamiyendo, osaliwerenga. Atsikana ankalowa ndi kutuluka. Ena anakana, ndipo bamboyo anawajambula manja okha akuthira tiyi. Mtsikana wa pa siteji uja anakana ngakhale manja. Wina anavomera nkhope koma anati dzina ayi, amalume ake amadziwa kuti amagwira ntchito ya muofesi. Nthiwatiwa anatuluka womaliza.

"Amayi, akuti alembe chiyani pansi pa dzina? Ndati ndikufunseni."

"Alembe zimene umachita. Wotsogolera gulu, wophunzitsa atsopano."

"Khosi nalo alembe?"

"Choka apa iwe," anatero Amayi, koma anaseka.

Webusaiti itayamba kugwira ntchito, foni inadzuka. Sikuti inkalira ngati kale, koma sabata zopanda ukwati zinachepa. Ena poimba ankati taona nkhope za ana anu, akuoneka aulemu. Bambo mmodzi anaimba kufunsa ngati wamtaliyo angabwere yekha kunyumba kwake. Amayi anamuyankha mawu ochepa, ndipo sanaimbenso.

Tsiku lina masana, atsikana akupinda nsalu za patebulo, foni inalira. Anali mayi woyang'anira antchito ku hotela yaikulu ija. Ulendo uno sananene za mtsikana wamtali. Anatchula dzina lonse, monga linalembedwera, n'kufunsa ngati angalankhule naye.

Amayi anayang'ana ku chingwe cha mayunifolomu. Nthiwatiwa anali atawapatsa msana, akuonetsa mtsikana watsopano mopindira ngodya ya nsalu. Kunena kuti watuluka kunali kosavuta, ndipo palibe akanadziwa.

"Alipo," anatero. "Dikirani." Anatambasula dzanja. "Iwe, bwera. Ndi yako."

Nthiwatiwa anachoka mwezi utatha. Bambo Webusaiti atabwera kudzajambula watsopano uja, anafunsa ngati achotse chithunzi cha amene wapita.

"Chotsani. Koma muyambe mwamutumizira iyeyo, ndi chake."

Bamboyo anagwedeza mutu n'kuyamba kukonza kamera. Amayi anatenga tipoti yodzaza madzi, anaika kapu pa thireyi, n'kuitana watsopanoyo kuti ayandikire.

"Chigongono chisachoke m'nthiti. Mlendo umamuyang'ana kaye, kenako kapu. Tayesa."

Madzi anatayikira pa thireyi. Amayi anapukuta ndi kansalu, anabwezera kapu pamalo pake, n'kumuuza kuti ayesenso.