Mabisiketi Opanda Kokonati

"Awa ndiye Mayi anaiwala kuthira kokonati," anatero mlamu wake wa Namwino, akununkhiza phukusi lomwe anangolitulutsa m'firiji. "Mutu unali utayamba kuwasokonekera. Alamu, awa mutha kugwira. Katayeni, angotithera malo mu uvuni."

Namwino, yemwe anali chiimire pakhomo la khitchini, analandira phukusilo. Linali lozizira ngati mwala.

Apongozi ake aakazi anali atawaika m'manda sabata yathayo, atadwala miyezi ingapo. Anthu atabalalika, ana anapeza firiji itadzaza ndi ufa wa mabisiketi, wokandakanda ndi kuumba kale. Chaka ndi chaka, tchuthi cha kumapeto kwa chaka chikafika, Mayi ankaphika mabisiketi a kokonati n'kuwapaka shuga woyera pamwamba, banja lonse n'kusonkhana. Ulendo uno anakonzeratu, ngati munthu wodziwa kuti safika. Tsopano mwana wawo wamkazi, mlamu uja, ankaotcha omalizawo, akulamula aliyense ndi liwu lomwe lija la amake.

Namwino sanalaweko mabisiketiwo chikwatiwire m'banjamo. Kokonati ankamutupitsa pakhosi, moti kanyenyeswa kokha kakanamugoneka m'chipatala momwe ankagwira ntchito. Chaka choyamba atafotokoza, Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Munthu n'kudwala chakudya? Kumeneko n'kunyada, a Namwino."

Dzina linakhala lomwelo. Sanamvepo "mwana wanga" pakamwa pawo, ndipo tchuthi chilichonse ankakhala kumapeto kwa tebulo ndi tiyi wopanda chomwera. Kumaliro misozi inamukanika, zomwe zinamuchititsa manyazi. Choncho anali atauza kale mwamuna wake kuti tchuthi chino akagwira ntchito, ndipo m'nyumba muno sadzapondamonso kawirikawiri. Munthu yemwe ankalimbikira kuti amukonde anali atapita osamukonda.

Akutembenuka kuti akataye, anakumana ndi apongozi ake aamuna m'kanjira.

"Mukupita nawo kuti amenewo?"

"Akuti nditaye, Bambo. Mayi anaiwala kokonati."

"Kuiwala? Mayi anu aja?" Bambo anaseka, koyamba chichitikire maliro. "Munthu woti ankakumbukirabe kuti ndinachedwa pa ukwati wathu!"

Analowa m'khitchini pang'onopang'ono, n'kuuza mwana wawo, mwamuna wa Namwino, kuti atsitse chimtolo chomwe chinali pamwamba pa kabati. Atamasula nsaluyo, munali mbale yokandira, supuni yamtengo ndi thireyi, zonse zatsopano.

"Anandituma kukagula zimenezi mwezi watha, eti zakalezi zinalowerera kokonati," anatero Bambo. "Tebulo anatsuka ndi madzi otentha. Ine anandipirikitsa chifukwa ndinali nditapala kokonati m'mawa. Oyamba analawa n'kulavula, ati akukoma ngati katoni. Enanso chimodzimodzi. Mpaka anaganiza zothira makoko a mandimu."

"Koma Mayi nthawi imeneyo sankatha ndi kunyamula kapu yomwe," anatero mlamu uja, mawu atatsika.

"Ankakanda atakhala pansi, n'kumapumira. Ndikati ndiwathandize, ankandithamangitsa ndi supuni."

Namwino anatsegula phukusi lija. Mabisiketiwo anali aang'ono, ena opindika, ndipo pakati pa iliyonse panali kadzenje pomwe Mayi anadinikiza ndi chala kuti shuga adzakhalepo. Iye amene ankasamalira odwala tsiku ndi tsiku ankadziwa bwino zomwe thupi lofooka choncho lingathe ndi zomwe silingathe. Izi zinali zosatheka, koma zinali m'manja mwake. Anachita mantha, ngati Mayi angotulukira n'kumufunsa chomwe akuyang'ana.

"Bwanji sanandiuze?" anafunsa.

"Ndinawafunsa zomwezo. Ati, 'Ndimuuze kuti atani, anyade?' Kenako ati, 'Mwanayu ndamukhalitsa ndi njala m'nyumba mwanga nthawi yaitali.'"

"Anatero? Mwanayu?"

"Ndi pakamwa pawo."

Apo m'pamene misozi ija inabwera, yonse pakamodzi, mpaka mwamuna wake anachita kumugwira paphewa. Mlamu wake anangotulutsa thireyi ya kokonati, n'kuzimitsa uvuni, n'kutenga nsalu kuti ikazizira aipukute m'kati monse. Atamaliza anatambasula dzanja kuti ayale mabisiketi aja pa thireyi yatsopano.

"Iwe, manja amenewo!" Bambo anakuwa. "Mayi ako anati wokhudza ndi manja a kokonati adzamudula zala."

Anapinda malaya mpaka m'zigongono, n'kupita pampopi. Anasamba ndi sopo mofatsa, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe, monga anawalamulira akazi awo, ndipo ana awo anaima pamzere kumbuyo kwawo kudikira sopoyo.