Zithunzi za Ukwati wa Sylvia

Evelyn analowa m'kasitolo kotchajitsa mafoni ka mlamu wake Mike pa Nsaru osapereka ndi moni womwe. Anaponya envulopu patebulo, zithunzi n'kumwazika pakati pa matchaja.

"Alamu, tandiuzani, anthu awa ndi ndani?"

Mike anatola chimodzi n'kuchiyandikiza kumaso. "Si ukwati wa Sylvia uwu? Apatu ndi povekana mphete."

"Sylvia wake uti? Mwana wanga ndimamudziwa ine. Apa ndikuona chinsalu choyera, pamwamba pake utsi!"

Mwezi wapitawo, Sylvia, mwana wamkazi wa Evelyn, anamangitsa ukwati kutchalitchi cha kwawo. Komiti inkafuna kuitana wojambula wa ku Namitete, koma Mike anakana kwamtuwagalu. Anali atangogula kamera yaing'ono yolowa m'thumba la malaya kwa wogulitsa wa mumsewu ku Lilongwe, ndipo pabokosi pake panalembedwa zilembo zikuluzikulu zakuti mamegapikiselo 64.

"Ya wa ku Namitete uja ili ndi 16 yokha," anatero Mike tsikulo. "Yangayi imaonetsa ndi nsabwe yomwe m'mutu."

Anthu anaseka, Evelyn n'kuvomera, osapempha kuona chithunzi ngakhale chimodzi.

Chimene chinkamuwotcha mtima tsopano sichinali diresi la mkwatibwi. Bambo ake, a Chikoti, nkhalamba ya zaka 81, anadzikakamiza kudzuka pamphasa kuti akaone mdzukulu wawo akukwatiwa. Anavala jekete yawo yakuda ya ukulu wa mpingo, nakhala kutsogolo mpaka mwambo kutha. Patangopita milungu itatu anamwalira. Chithunzi chawo chimene banja linali nacho chinali cha pachiphaso cha unzika basi.

"Vuto ndi otsuka zithunziwo," anatero Mike. "Makina awo ndi akale. Kamera yanga ilibe mlandu."

"Chabwino. Tsekani pano, tipite konko mukanene zimenezo pamaso pawo."

Anakwera minibasi mpaka ku Namitete. Mwini situdiyo imene inatsuka zithunzizo, Mayi Getrude, wojambula uja komiti inkamufuna, amene anakhala akujambula maukwati zaka khumi ndi zisanu, anamvetsera madandaulo onse. Kenako anatenga kakhadi ka m'kamera ya Mike n'kukalowetsa m'kompyuta. Zithunzi zinaoneka chimodzimodzi, nkhope zosungunuka ngati sopo wosiyidwa m'madzi.

"Mwaona, bambo? Apa sindinatsuke kanthu. Umu ndi m'mene zinatulukira m'kamera mwanu."

"Koma ndi ya 64!"

"Megapikiselo ndi chiwerengero cha timadontho topanga chithunzi, basi," anatero Mayi Getrude. "Timadontho tambiri sitithandiza ngati diso la kamera lili lofooka. Galasi la iyi ndi lapulasitiki, ndipo kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwake n'kakang'ono kwambiri. Panja padzuwa ingayesereko. M'tchalitchi, momwe kuwala n'kochepa, munthu akangogwedeza mutu nkhope imafufutika. Komanso 64 ameneyu ndikumukayikira. Makamera ena amangotambasula chithunzi chaching'ono kuti chioneke chachikulu. Kuli ngati kuthira madzi m'thobwa kuti lidzaze ndowa."

"Ndiye makamera aang'onowa ndi achabe onse, eti?" anafunsa Evelyn.

"Ayi, mayi. Abwino alipo." Anatulutsa m'kabati kamera yaing'ono yakutha utoto m'mbali, n'kuloza chithunzi cha kwaya chimene chinali pakhoma. "Icho ndinajambula ndi iyi, m'kati mwa tchalitchi. Nambala yake ndi 16 yomwe ija. Werengani mabatani a malaya awo."

Evelyn anayang'ana. Batani lililonse linkaoneka, ngakhale thukuta la pamphumi pa wotsogolera nyimbo. Anatulutsa chithunzi cha bambo ake.

"Nanga ichi, simungachikonze pakompyutapo? Nkhope yokhayi."

Mayi Getrude anachiyang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anapukusa mutu. "Pepani kwambiri, mayi. Chimene kamera sinagwire, sindingachibweze. Ndikakakamiza, ituluka nkhope ya munthu wina, osati ya bambo anu."

Evelyn anatembenukira kwa Mike n'kumuyang'ana mwaukali. Ukali wina unali wodzikwiyira yekha, poti chilolezo anapereka ndi iye. Mlungu wonse anayenda khomo ndi khomo kufunsa amene anajambula ndi mafoni. Onse analimbana ndi akwati komanso perekaniperekani. Amene anajambula nkhalambayo panalibe.

Tsiku la msika, Evelyn podutsa pakasitolo kaja anapeza Mike akuonetsa kamerayo kwa a Jackson, mlimi wa fodya wa ku Kabudula, amene ankakonzekera chinkhoswe cha mwana wawo.

"Iyi ndi 64, bambo. Yotere simungaipeze kuno."

Magazi anamuwira Evelyn. Anatula dengu la tomato pakhomo pomwepo.

"Bambo, musanatulutse chilichonse m'thumba, auzeni akujambuleni m'kati muno, mukatsukitse, muone ngati mudzizindikire." Anasolola chithunzi chija m'kachikwama kake. "Awa ndi bambo anga. Tandiuzani, maso awo ali pati?"

A Jackson anachiyang'ana, kenako anaika kamera patebulo pang'onopang'ono, n'kukankha njinga yawo kumapita.

"Alamu, mukundiphera malonda!" anakalipa Mike.

"Inu munandifufutira bambo anga," anatero Evelyn, akusenza dengu lake. "Simufufutanso a wina ine ndikuona."

Phunziro: Nambala yaikulu ya pabokosi si umboni wa kamera yabwino. Musanagule kamera kapena kulemba wojambula, yesani pamalo ofanana ndi pomwe padzachitikire mwambo, mutsukitse chithunzi, muone ndi maso anu. Mwambo ukatha subwerezedwa.