Njere Zachikasu m'Chimanga cha Nafisa

Nafisa anasenda chimanga chachisanu padenga lafulati la nyumba yake, pomwe ankayanika zokolola, n'kupeza zomwezo: pakati pa njere zoyera panali zachikasu, ngati mano a munthu wosuta fodya. Mbewu yoyerayi anamusiyira ndi apongozi ake, ndipo kwa zaka makumi atatu mkate wa pakhomopo unkachokera mu ufa wake.

Anatsika chimanga chili m'manja, ulendo kwa a Haji Mitwalli, eni munda wa kumpoto kwa wake. Chaka chimenecho a Haji anadzala chimanga chachikasu chosinthidwa chibadwa, chosadyedwa ndi mbozi, ndipo ankayankhula ngati anachipanga okha. Anawapeza pansi pa mkuyu akumwa tiyi ndi a Wagdi, mlangizi wa zaulimi amene nsapato zake zinali zisanalaweko matope.

"A Haji, chimanga chanu chalowa m'munda mwanga."

"Chamera miyendo, mayi a Sabri?" anaseka a Haji. "Mungu wauluka ndi mphepo basi. Kadandauleni kwa mwini mphepo."

"Ndiponso muthokoze," anatero a Wagdi. "Sayansi yakupezani ulere."

"Ndinaiitana ine?"

A Wagdi anatsegula kabuku, n'kutsokomola kaye. "Malangizo akuti pakati pa minda yotereyi pazitsala mamita mazana awiri."

"Bwana, munda wanga wonse ndi mapazi makumi anayi! Mamita enawo ndikawavuule mumtsinje wa Nailo? Nanga awa anasiyapo angati?"

"A Haji anadinda chala kutsimikiza kuti malangizowo anawawerenga."

"Ndinadindadi," anavomera a Haji monyadira.

Nafisa anatonola chimanga masiku anayi, akusankha njere imodziimodzi mpaka maso kuwawa. Zoyera zosakayikitsa zinangodzaza kathumba kamodzi.

Lachisanu amuna akutuluka mumzikiti, anakhuthula dengu la njere zachikasu pamapazi pa a Haji.

"Ana a chimanga chanu ndi awa. Anabadwira kwanga, koma alereni nokha."

"Mayi inu, pamaso pa anthu?"

"Kumunda kwanga munagogoda?"

Amuna ena anayang'ana kumwamba, ena anatsokomola. A Haji anaterereka pang'ono panjerezo, koma anachita ngati amafuna kutero.

Kathumba ka zoyera Nafisa anakatumiza kwa mwana wake wamkazi wokwatiwa kutali kum'mwera, kumene mbewu yatsopanoyo inali isanafike. M'munda mwake anadzalamo anyezi. Mkate anayamba kugula.